Mwana wa Talandira

Kamtedza sadabadwe kwa mayi aliyense, koma Odeta ankamudziwa kuposa anthu ena amene ankakhala nawo benchi imodzi ku tchalitchi. Ankadziwa kuti mkuluyo adachotsedwa upolisi chifukwa chokana kutseka pakamwa, kuti ofesi yake idali kachipinda ka pamwamba pa butchala, kuti ankatsimphina mwendo wakumanzere, ndi kuti tiyi ankamwa wopanda shuga, ati shuga amagoneka ubongo. Amene ankakwera masitepe a ku ofesiko adali anthu oti apolisi atopa nawo: mayi woti mwamuna wake wasowa, mwini chigayo woti m'chigayomo mwapezeka mtembo. Mabuku a Kamtedza adalipo asanu ndi awiri, a Chinyanja cha ku Zambia, akalekale, ena opanda ndi chikuto chomwe. Odeta adali atamaliza asanu.

Mabukuwo adabwera ndi Jeffrey, mnyamata wa mota, wonyamula anthu pa njinga yamoto, wa kumalire ku Cassacatiza, amene adakulira ku Zambia. Tsiku lina adafika pa msika wa Chifunde kudzasoketsa thumba la jekete kwa Odeta, n'kuiwalamo buku loyamba. Pobwera kudzatenga jeketeyo adapeza thumba likadali long'ambika, telala ali pa tsamba la makumi anayi, ndipo telalayo sadapepese n'komwe. Kuchokera pamenepo ankabwerekana mabukuwo, aliyense n'kumalemba ndi lapizi m'mphepete mwa tsamba dzina la amene akumuganizira kuti ndiye wapha. Woyamba kugwira ankakhala Odeta nthawi zonse. Pasanapite nthawi, m'mphepete momwemo mudayamba kulembedwa mawu ena amene sadali okhudza Kamtedza.

Loweruka lina awiriwo adakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, mitambo itachita bii chakumpoto.

“Lachisanu ndi chimodzi ili,” adatero Jeffrey akulitulutsa mu pulasitiki. “Ulendo uno ndikupambana. Ndamugwira buku lisanafike pakati.”

“Iwe umagwira aliyense wovala suti.”

“Ovala suti ndiwo akuba!”

“Kamtedza sayang'ana suti. Amadikira munthu atanganidwe ndi manja, akusenda chinangwa kapena akumanga nsapato, ndiye n'kumufunsa ngati yankho akulidziwa kale.” Odeta adalandira bukulo, koma sadalitsegule. “Jeffrey, siketi yanga yabuluu yakana kutseka lero m'mawa.”

Kuseka kudathera pomwepo. Mimba idali ikulowa mwezi wachitatu, ndipo odziwa adali awiri okhawa. Jeffrey sadali wothawa, ayi ndithu, ankhoswe akadawatumiza ngakhale mawa lomwe. Chotchinga chidali chimodzi, amayi ake a Odeta.

Mai Fernanda adali mayi wamasiye wosataya mawu, ndipo ochepa amene ankalankhulawo sankawaphonya. Ukati wanyamula ndowa pamutu, ankakuuza kuti pamutu timasenza. Odeta ali mwana adakokedwapo khutu chifukwa chonena kuti Jaime, mnyamata wobadwa pambuyo pake, ndi mng'ono wake. “Mng'ono wa mkazi ndi mkazi mnzake. Jaime ndi mlongo wako, usamalankhule ngati waledzera.” Za nkhondo, ndi za zaka zimene adakhala ku Malawi atathawa, sankazitchula ngakhale mowachonderera.

Tsiku limene Jeffrey adapita kukawaona adamulandira bwino, chimanga chootcha chidatuluka. Kenako adafunsa kuti ndi mwana wa yani.

“Ndine Jeffrey Talandira, amayi. Bambo anga a Talandira anali a ku Mualadzi, anamwalira ku msasa wa othawa nkhondo ku Zambia ine ndisanawadziwe.”

Mai Fernanda adamuyang'ana nthawi yaitali, makamaka pa mpata wa mano ake akutsogolo. Kenako adadzuka, kulowa m'nyumba, chitseko gwa. Kuyambira tsiku limenelo yankho lawo lidali mawu awiri okha: “Ameneyo ayi.”

“Galu wamkota sakandira pachabe,” adatero Odeta pansi pa mangopo. “Amayi aona chinachake.”

“Ndiye fufuzanitu, mai Kamtedza,” adayankha Jeffrey. Ankati aseke, koma mawuwo adatuluka ouma.

* * *

Lolemba m'mawa foni ya Odeta idalira. Adali Celso, purofesori wa pa sukulu ya pomwepo, amene adatha zaka ziwiri akumufunsira, zaka ziwiri akukanidwa, koma osatopa.

“Bondiya Odeta. Ndili ndi mawu okhudza wa mota wako uja. Si nsanje, ndi chisoni.”

Munthu akayamba ndi kukana nsanje, abale, dziwani kuti nsanjeyo yafika kale m'khosi. Odeta ankadziwa zimenezo, komabe adapita, chifukwa Kamtedza ankati mdani amakufufuzira mwakhama kuposa bwenzi. Adakumana masana pafupi ndi mjigo, Celso atapisa malaya mu buluku, nsapato zikuwala ngakhale kudali matope.

“Ndinali ku Mualadzi kumaliro sabata yatha,” adayamba. “Ndinacheza ndi madala ena okumbukira za kale. Akuti agogo ako a Custódio anali ndi ana awiri pamene nkhondo inkawabalalitsa. Wina Fernanda. Winayo ukudziwa dzina lake?”

“Nenani, a purofesori, ndasiya makina.”

“Talandira.” Adalitchula pang'onopang'ono ngati akulembetsa ana. “Talandira wa ku Mualadzi. Iwe ndi wa mota wako ndinu mapirimu, Odeta. Magazi amodzi. N'chifukwa chake amayi ako akukana.”

Koma mutu wa Odeta wozolowera kuwerenga za Kamtedza sudaime. Pirimu ndi thumba la Chipwitikizi, amangoponyeramo aliyense, mwana wa amalume, mwana wa amayi aang'ono, onse dzina limodzi. Kwathu kuno sititero. Ana a akazi awiri apachibale ndi a bere limodzi, munthu ndi mlongo wake, ndipo za ukwati sitiyerekeza n'komwe. Koma mwana wa amalume ndi msuweni, ndipo asuweni amatchulana mwamuna ndi mkazi kuyambira ali pa fumbi, akakula n'kukwatiranadi akuluakulu amawomba m'manja. Tsono a Talandira si bambo a Jeffrey? Ndiye kuti ndi mlongo wa amayi. Ndiye kuti ndi amalume.

Kuseka kudamutuluka kosayembekeza, mpaka amayi a pa mjigo adacheuka.

“A purofesori, Mulungu akudalitseni! Mwapita nokha ku Mualadzi kukandipezera msuweni?”

Nkhope ya Celso idagwa. “Ine ndati pirimu.”

“Inu mwati pirimu, ine ndamva msuweni. Kaphunzitseni ana, akukudikirani.”

* * *

Amayi adawapeza pakhonde akusadzula nkhwani. Odeta sadakhale ndi kuleza kwa Kamtedza tsiku limenelo, adangofika n'kugwada pafupi, mpweya uli m'mwamba.

“Amayi, Talandira anali ndani?”

Tsamba la nkhwani lidang'ambika pakati. Mai Fernanda adaliika m'lichero, n'kutenga lina.

“Wakuuza ndani?”

“A Celso amva ku Mualadzi. Zaka zonsezi osandiuza kuti munali ndi m'bale?”

Nkhuku idafika mpaka pa lichero, osaiingitsa.

“Anali mng'ono wanga,” adatero mai Fernanda, maso ali pa nkhwani. “Madzi anamutenga pamtsinje tikuthawa, ine ndikuona ndi maso angawa. Ndinakawauza agogo ako. Tinaika thunthu la nthochi m'manda, tinameta, zinatha. Wakufa sabereka, Odeta. A Talandira ndi ambiri m'dziko muno.”

“Ngati ndi wina, mukukaniranji?”

“Ndati ayi.”

“Nanga ngati anapulumuka, amayi? Anthu angati anawalira maliro n'kudzabwera okha nkhondo itatha? Munamuyang'ana Jeffrey kumaso, ndinakuonani. Ngati ndi mwana wa m'bale wanu, si ndiye msuweni wanga? Pali cholakwika chanji pamenepo? Muyenera kuvina, amayi, magazi anu abwerera pakhomo!”

Mai Fernanda adadzutsa mutu. M'maso mwawo mudalibe ukali, mudali mantha, ndipo Odeta sadawaonepo amayi ake akuchita mantha.

“Makutu uli nawo awiri, mwana iwe, koma ndi okongoletsera mutu,” adatero. Adatenga lichero n'kulowa kukhitchini.

Odeta adangoti ndi nkhani ya manyazi, kuti munthu walira maliro a wamoyo. Chisangalalo n'choipa, chimagonthetsa. Adathamangira kuchipinda kwake n'kuyamba kulemba mauthenga.

“Mlandu watha! Bambo ako anali m'bale wa amayi. Ndiwe msuweni wanga.”

Jeffrey adaimba nthawi yomweyo, akukuwa mosamveka pakati pa phokoso la malole a pamalire. Kenako mauthenga adayamba kugwa ngati matalala.

“Msuweni!!! Mkazi wanga wa chibadwire!”

“Ndiye ndakhala ndikuwaopa azakhali anga?”

“Loweruka ndikubwera ndi a Gideoni, mkulu wa mpingo wathu, akhale nkhoswe. Akane tione.”

Cha kumadzulo udabwera wina. “Ndawauza amayi kuno. Sanayankhe, akuti mutu wawagwira, agona. Ndi chimwemwe chimenecho. Lachinayi ndiwoloka, ndikagule malaya ku Katete, ndikasakenso lachisanu ndi chiwiri. Tidzalimalize tili m'nyumba mwathu.”

Odeta adayankha ndi timitima tatatu.

* * *

Lachitatu mvula idagwa tsiku lonse, msika sudayende. Odeta adagona pa mphasa, buku lachisanu ndi chimodzi lili pamaso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'milungu yambiri adawerenga mtima uli m'malo. Eee, bukulo lidali lokoma! Mwini golosale adapezeka atafa m'nyumba yake ya zipinda zosanjikizana, ndipo oganiziridwa adali anayi. M'mphepete mwa tsamba Jeffrey adali atalemba dzina la loya wovala suti, ndi mzere pansi kawiri. Odeta adaseka yekha. Iye mtima wake udali pa mkulu wa kwaya amene ankalumbira kuti m'nyumbamo sadalowepo chibadwire.

Ndipo adali yemweyo. Kamtedza adamupeza akupopa njinga, n'kumufunsa mwachisawawa za tsiku la imfayo, mkulu uja n'kunena kuti malemu mwina adatsikira kukhitchini kukamwa madzi. Kutsikira! Adadziwa bwanji kuti khitchini ili pansi, munthu wosalowamo? Pa tsamba lotsatira Kamtedza ankauza mayi wamasiye, akutakasa tiyi wake wopanda shuga uja: “Wobisa nkhani amalondera pageti usana ndi usiku, mayi, koma kaliwu kamodzi kamatulukira kumpanda.”

Odeta adatenga lapizi kuti alembe m'mphepete mawu omuseka Jeffrey. Lapizi idafika pa pepala, koma sidayende.

Kaliwu kamodzi.

Amayi sadati mlongo wanga. Adati mng'ono wanga.

Adadzuka n'kukhala tsonga. Adayesa kudziuza kuti masiku ano anthu amangosakaniza, atsikana a pa msika amati mng'ono wanga ngakhale kwa mnyamata wandevu. Inde, atsikana a pa msika. Koma mai Fernanda? Khutu lake lakumanja lidachita ngati likumvanso kuwawa kwa tsiku lija la Jaime. Ndipo dzina loti Talandira amapatsa mnyamata, amapatsanso mtsikana. Ndipo ku Cassacatiza kudali mayi wina amene atamva uthenga wabwino adagwidwa mutu n'kukagona.

Adagwira pamimba ndi manja onse awiri. Kukhitchini amayi ankatsokomola ndi utsi wa nkhuni zonyowa. Akadatha kudzuka n'kukawafunsa, mapazi khumi okha, koma adadziwa kuti geti limenelo lili ndi mlonda wa zaka makumi atatu ndi zisanu. Adatseka bukulo asadamalize.

* * *

Lachinayi adanamiza amayi kuti akupita kukagula nsalu. Adakwera mota mpaka pa msewu waukulu, kenako shapa, minibasi yodzaza matumba ndi anthu opita kumalire. Adafika ku Cassacatiza dzuwa lili pamutu, Jeffrey atawoloka kale m'mawa.

Mai Glória, amayi ake a Jeffrey, adali munthu wamfupi wokonda kuseka, koma tsiku limenelo kuseka kwawo kudali kwa mano okha. Komabe mlendo ndi mlendo, makamaka mpongozi wa mawa. Adagwira nkhuku, kuipha, kuiviika m'madzi otentha, n'kukhala pa kampando kuseri kwa nyumba akuisosola. Odeta adakhala pambali akusenda adyo. Adacheza za mvula, za mtengo wa feteleza, za malole amene adatsekereza msewu dzana. Adacheza za malaya amene Jeffrey wapita kukagula, kuti asankha ofiira ngati a woyimba. Mai Glória adayamba kumasuka, manja akuthamanga pa nthenga.

M'mabuku zimaoneka zophweka.

“Kodi amayi,” adatero Odeta osadzutsa mutu, “a Talandira aja anavutika nthawi yaitali pobereka?”

“Masiku awiri, mwana wanga. Kathupi kochepa, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri basi, ndiye magazi osaleka, ife n'kumangosintha nsalu...”

Manja adaima. Nthenga zonyowa zidamatirira ku zala. Mai Glória adayang'ana Odeta ngati aona njoka m'dengu la ufa.

“Iwe mwana, wandichita chiyani?”

Odeta adali atapambana, monga ankapambanira nthawi zonse, ndipo sadafunepo kulephera ngati tsiku limenelo.

Nkhani idatuluka yokha tsopano, pamodzi ndi misozi. Mai Glória adakumana ndi kamtsikanako, Talandira, m'tchire, kali kokha, zovala zitauma ndi matope a mumtsinje. Adayenda nako mpaka ku Zambia, n'kukalera pamsasa ngati mwana wawo. Atakula pang'ono mwamuna wina wongodutsa adamupatsa mimba n'kusowa. Mwana adabadwa, mayi adapita tsiku lachitatu.

“Ine sindinaberekepo, Odeta. Mwamuna wanga anandisiyira chomwecho. Ndiye khanda lili m'manja, likundiyang'ana. Wolemba maina pamsasa atafunsa dzina lachiwiri ndinati Talandira, kuti dzina la mtsikana wanga lisafe. Anthu atayamba kufunsa, ndinati ndi bambo ake. Dzina silivala siketi kapena buluku. Ndinanama kamodzi kokha, kenako bodzalo linakula limodzi ndi mwanayo.”

“Ankatchula abale ake?”

“Tsiku ndi tsiku. Ankati, mkulu wanga anandisiya dzanja pakati pa madzi chifukwa mfuti zinalira, koma ine ndinagwira muzu, ndinamuitana, anacheuka, anandiona. Abwera kudzanditenga, Fernanda sanama. Mpaka tsiku lomaliza ankayang'ana kumsewu.” Mai Glória adapukuta mphuno ndi kapulana, chitenje chimene adavala, kenako adagwada m'matope momwemo n'kugwira mapazi a Odeta. “Usamuuze, ndapota nawe. Ndilibe wina. Akadziwa kuti sindine mayi wake ndikhala ndani ine?”

Fungo la nthenga zonyowa lidamufika Odeta pakhosi. Adadzuka mothamanga, kukafika pa mpanda wa udzu, n'kusanza mpaka m'maso mudada. Atacheuka adapeza mai Glória aima, akumuyang'ana m'chiuno.

“Miyezi ingati?”

“Itatu.”

“Mayo ine!” Mayiyo adaika manja kumutu, nthenga zomwe zija zikumatirira m'tsitsi. “Mayo, ndapha ana!”

Nkhukuyo sidadyedwe. Odeta adakwera shapa yoyamba yobwerera.

* * *

Lachisanu adalemba uthenga kasanu, kasanu konse adafufuta. Mawu ena sakwana mu foni. Ungamuuze bwanji munthu pa kagalasi kuti mayi ake si mayi ake, bambo ake adali mtsikana, ndipo amene akufuna kumukwatira ndi mlongo wake? Pomaliza adangotumiza awiri: “Usabwere mawa.”

Yankho lidabwera mwamsanga. “Mantha a mkwatibwi amenewo! Ndalipeza lachisanu ndi chiwiri, msuweni, lili ndi chikuto chake. Sindinalitsegule, ndikudikira iwe. Amayi akadali ndi mutu, koma a Gideoni akonzeka.”

Odeta adalira ndi pilo kukamwa kuti amayi asamve. Ankamukonda Jeffrey, ndipo kudziwa kuja sikudachotseko kanthu ngakhale pang'ono. Chimenecho ndicho chidamuopsa kwambiri.

Loweruka m'mawa adawapeza mai Fernanda akusesa pabwalo. Ulendo uno sadagwade, ndipo sadadikire kuti manja atanganidwe.

“Anagwira muzu, amayi. Anakuitanani, munacheuka.”

Tsache lidagwa.

“Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuyang'ana kumsewu. Ankati Fernanda sanama. Anamwalira atabereka Jeffrey.”

Mai Fernanda adakhala pansi pomwepo, pa dothi lonyowa, miyendo itatambasuka ngati ya mwana. Kulira kwawo sikudali ndi mawu poyamba, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka.

“Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu,” adatero kenako. “Zipolopolo zinkagwa m'madzi. Ndinati ndibwerera, miyendo inakana. Nditawapeza amayi kutsidya anandifunsa, ali kuti mng'ono wako? Ndikanati chiyani? Anamwalira akundidalitsa kuti ndine mwana wabwino.”

“Munadziwa tsiku lija atabwera kuno.”

“Mano aja. Kaseka kake.”

“Ndiye bwanji osanena, amayi? Liwu limodzi lokha! Inu amene mumakonza mawu a mudzi wonse?”

“Ndinkati ndikakana, mutopa, musiyana, wakufa akhala wakufa.” Adagwira mkono wa mwana wawo. “Koma Mulungu ndi wabwino, tadziwa nthawi ikadalipo. Palibe chachitika, si choncho? Sanakulowetse m'nyumba. Ulira mwezi umodzi, uiwala.”

Odeta adatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo kumsewu kudamveka mota, ikuliza hutala ngati ya ukwati.

* * *

Mwa mwambo Jeffrey akadayenera kutsitsa nkhoswe n'kukadikira patali. Koma ndani angauze msuweni kuti adikire kunja kwa mpanda wa azakhali ake? Adalowa pabwalo patsogolo pa a Gideoni, malaya ofiira atsopano akadali ndi mizere ya m'paketi, buku lili m'manja, kumwetulira mpaka mpata wa mano uja kuonekera.

“Odi kwa azakhali! Odi kwa msuweni wanga, mkazi wanga wa chibadwire!”

A Gideoni, bambo wachikulire wa jekete lakuda, adaima pa chipata atagwira chipewa. Iwo adaona msanga kuti pabwalo pamene mayi wakhala pa dothi ndi maso ofiira si pofikira ndi nthabwala. Jeffrey sadaone kanthu.

Mai Fernanda adadzuka movutika. Adayenda mpaka pamene adaima mnyamatayo, n'kumugwira nkhope ndi manja awiri, manja a dothi, akumusisita masaya ndi zala zazikulu.

“Tala,” adanong'ona. “Tala, wandipeza.”

“Ndi ineyo, azakhali, mwana wa mlongo wanu.”

“Sindine azakhali ako. Ndine mayi ako.” Adacheukira kwa mwana wawo. “Odeta, patsa mlongo wako mpando.”

Jeffrey adaseka. “Msuweni, amayi. Mwaphonya.”

“Ine sindiphonya mawu, mwana wanga. Talandira anali mng'ono wanga, mtsikana. Iwe unatuluka m'mimba mwake.”

Jeffrey adayang'ana Odeta kuti asekere limodzi. Odeta adali chiimire pakhonde, manja ali lende, misozi ikutsika osaipukuta.

“Ndinapita kwa mai Glória Lachinayi,” adatero. “Ndinawafunsa akusosola nkhuku.”

Jeffrey adawerenga mabuku omwewo, asanu ndi limodzi onse. Sadafunikire kumuuza kawiri tanthauzo la funso lofunsidwa manja ali otanganidwa. Kumwetulira kudachoka pang'onopang'ono, buku lidapulumuka m'manja n'kugwera m'matope, chikuto chake chatsopano chili pansi. Adayang'ana mai Fernanda, adayang'ana a Gideoni, kenako maso ake adatsikira pamene sadayenera kutsikira pamaso pa anthu.

“Odeta,” adatero ndi mawu a munthu wodzidzimuka kutulo, “nanga mwana?”

A Gideoni adaweramitsa mutu. Mai Fernanda adatsatira maso a Jeffrey mpaka pa kapulana wa Odeta, amene masiku amenewo ankamangidwa m'mwamba kuposa kale. Adayang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati akuwerenga miyezi. Manja awo adatsika pa nkhope ya mnyamatayo, n'kusiya dothi pa masaya onse awiri.

Mayi amene moyo wawo wonse adali ndi liwu loyenera pa chinthu chilichonse adafunsa motsitsa, osayang'ana aliyense:

“Tsono kameneko kakadzabadwa, kazidzamuitana chiyani uyu? Atate, kapena amalume?”